Jovelyn Wabwera Kudzaona Hong Kong

Hong Kong, 3 Disembala 1995

Okondedwa Bambo a Jovelyn,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija, koma nalo ndalizolowera. Ndikhulupirira chifuwa chanu chinatha. Ngati sichinathe, lekani kusuta fodya amene mukulimayo, ameneyo ndi wogulitsa.

Tikiti ya Jovelyn ndalipira kale. Anyamuka ku Manila pa 20, ndipo akhala kuno masabata awiri. Mumuperekeze mpaka ku Laoag, mumuone akukwera basi, musangomusiya pamsewu ngati thumba la adyo. Akamufunsa a zolowa ndi zotuluka, anene kuti wabwera kudzaona malo ndi kudzacheza ndi mayi ake, basi. Asayambe kufotokoza mbiri ya banja lonse monga mumachitira inu. Atenge juzi, kuno kwayamba kuzizira. Anditengerenso botolo limodzi la bagoong, ndiwo yathu ya nsomba zamchere ija, koma alikulunge bwinobwino. La mnzanga Manang Saling linasweka m'chikwama chaka chatha, ndipo mpaka lero amphaka amamutsatira pamsewu chifukwa cha fungo la nsomba.

Anzanga akuti ndikutaya ndalama. Asiyeni alankhule. Ndakhala mumzinda uno zaka khumi ndi zinayi, ndipo mwanayu ndinamusiya asanayambe sukulu. Ndikufuna aone kamodzi kokha kumene mayi ake ankakhala, kenaka abwerere akamalize chaka chake chotsala ku koleji ya aphunzitsi. Kunena zoona, nanenso malo amene alendo amajambulawo sindinawaonepo. Ndimangowaona pamakadi amene ndimakutumizirani.

Azikagona kwa Manang Saling ku North Point, kuja kumagona atsikana amene ntchito yawathera. Kuno kwa abwana mlendo saloledwa.

Kontirakiti yanga ithera pa 10 Marichi. Ndawauza adona a Leung kuti sindisainanso ina, ndikupita kwathu. Angoti, "Tiona." Palibe choona. Nthawi ino ndikubwereratu, ndipo fizi ya chaka chomaliza cha Jovelyn ili kale kubanki.

Ndatumiza mapeso zikwi zitatu. Mugule feteleza choyamba, zina pambuyo. Njati yathu yolimira musamubwerekenso Dionisio, amaibweza itaonda.

Ndine mkazi wanu,
Teofila

Hong Kong, 22 Disembala 1995

Bambo a Jovelyn,

Moni. Tonse awiri tili bwino. Wafika mwana wanu, botolo nalo lafika lamoyo.

Simunandiuze kuti anadula tsitsi. Ndinamudutsa pabwalo la ndege, iye n'kundikoka malaya. Akuti pamene ndege inkatsika pakati pa nyumba zitalizitali zija, anaona pawindo mayi wina akuyanika zovala. Ndinamuuza kuti mwina anali ine.

Dzulo masana ndinapempha maola awiri, tinakwera boti lowoloka doko. Zaka zonsezi ndimakwera pansi pomwe pali injini, poti m'potsika mtengo. Dzulo ndinalipira zapamwamba. Madzi ndi omwewo, koma mphepo ndi yambiri. Jovelyn anangoti kukamwa yasa, kuwerenga mayina a pa nyumba mokweza mawu ngati mwana wa kalasi yoyamba. Ndinachita kumugunda ndi chigongono.

Abwana ndi banja lawo anyamuka m'mawa uno, apita ku Canada kwa mchimwene wa adona. Abwerako chaka chatsopano chikalowa. Andisiyira galu ndi nyumba. Bola galuyo ayende m'mawa ndi madzulo, masana onse ndi anga. Sindinakhalepo ndi masiku otere chifikireni kuno, mwakuti sindikudziwa poika manja.

Jovelyn anabwera pakhomo la pansi kudzathandiza kukweza katundu m'galimoto. Ananyamula masutikesi awiri nthawi imodzi, ine ndikumuletsa. Adona anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amayang'anira nsomba pamsika, n'kuyamba kucheza naye m'Chingerezi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Teofila, bwanji sunandiuze kuti uli ndi mwana wamkulu chonchi? Ukachoka mu Marichi, ndivutikirenji kufuna munthu wachilendo? Uyu ndi wamphamvu, Chingerezi chake chikuposa chako."

Tonse tinaseka. Jovelyn anaseka nthawi yaitali kuposa tonse.

Kalata iyi mwina ifika iye atabwerera kale, koma ndizilembabe, poti madzulo m'nyumba muno muli zii, ndipo galuyu sayankha. Malalanje akwera mtengo chifukwa cha Khirisimasi. Mukapite ku Misa, musanamizire chifuwa.

Teofila

Hong Kong, 26 Disembala 1995

Bambo a Jovelyn,

Khirisimasi yabwino, ngakhale yadutsa. Tili bwino. Jovelyn ali ndi matuza kuphazi chifukwa cha nsapato zatsopano zimene ndinamuletsa kuvala.

Lamulungu ndinapita naye ku Central, kumene ife antchito a m'nyumba timayala makatoni athu n'kukhalapo tsiku lopuma. Ndinali nditawachenjeza kale anzanga onse kuti mwana wanga wabwera kudzasangalala, aliyense madandaulo ake awasiye kwa abwana ake. Anamvera mopyola muyeso. Anavala ngati akupita kuukwati. Wina anabwera ndi adobo, wina mpunga wa nkhuku, wina keke, wayilesi ikulira, ena akuvina pakati pa msewu poti Lamulungu magalimoto sadutsapo. Perla anamupaka Jovelyn utoto m'zikhadabo, Nenita anamujambula atatsamira galimoto ya munthu wosamudziwa. Mnzathu Luz sanabwere. Za Luz ndidzakuuzani pamaso.

Manang Saling ndiye anaononga. Atamva kuti Jovelyn akuphunzira zauphunzitsi anaseka mpaka kutsamwa mpunga.

"Uphunzitsi? Mwana wanga, ine ndinagwira choko zaka zisanu ndi zinayi, chimene ndinagula ndi njinga. Njinga yakenso yogula kwa wansembe. Kuno ndatsuka zimbudzi za anthu, ndamanga nyumba ya njerwa, ili ndi geti. Uyu Perla ndi namwino, uyo Nenita anali kalaliki wa khoti. Pakatoni pano pali sukulu yambiri kuposa ku koleji kwanuko!"

Ndinamutsina pantchafu. Iye amvekere, "Ukunditsiniranji, nkhalamba iwe? Ndanama?"

"Sunaname, koma tafuna kaye, ukutilavulira."

Jovelyn anafunsa aliyense kuti amalandira zingati, ndipo aliyense anamuuza mowonjezera pang'ono. Ine sindinalowererepo, poti ndinali nditawapempha ndekha kuti anene zabwino zokhazokha.

Dzulo tinakwera phiri lija la pamakadi, pa kasitima kokokedwa ndi chingwe. Mzere unali wautali, anthu a mitundu yonse, aliyense kamera pakhosi. Kasitimako kamapendekeka mpaka nyumba zimaoneka ngati zikugwa chagada. Titafika pamwamba tinapeza nkhungu. Tinadikira, tinadya masangweji amene ndinakonzera kunyumba, chifukwa chakudya cha kumeneko mtengo wake ndi wochititsa manyazi. Nkhungu itang'ambika pang'ono mzinda wonse unaoneka pansi pathu, nyumba zothinana ngati machesi m'bokosi.

"Amayi, yanu ndi iti?" anafunsa.

Ndinaloza ina yake yoyera. Sindikudziwa kuti ndi ya ndani.

Wagula timphatso ta azakhali ake, tonse topangidwa ndi pulasitiki. Ndamuuza kuti tomwe tija tilinso ku Laoag, koma sanamve. Adyo mukolole asananyowe.

Teofila

Hong Kong, 29 Disembala 1995

Bambo a Jovelyn,

Moni. Jovelyn ali bwino. Ine bondo latupa, ndalimanga nsalu yotentha.

Dzulo tinapita kuchilumba kukaona chifanizo chachikulu cha Buddha chija anamanga posachedwa. Boti, kenaka basi yokhotakhota m'mapiri. Jovelyn anasanza kamodzi. Chifanizocho ndi chachikulu zedi, chakhala pamwamba pa phiri, dzanja limodzi chakweza ngati wapolisi woimitsa magalimoto. Kuti ufike pamapazi pake pali masitepe ambirimbiri. Ndinafika pakati, bondo linakana. Ndinakhala pansi n'kumuuza kuti akwere yekha, akandiuze zimene zili kumwambako.

Sanakwere. Anakhala pambali panga, anthu akutizungulira uku ndi uku.

"Amayi, ku koleji sindibwererako mu Juni."

Ndinayesa kuti ndi mimba. Ndinamuyang'ana pamimba, iye anaona, n'kuseka.

"Si zimenezo. Inu mupite kwathu mukapume, ine ndilowe m'malo mwanu kwa adona. Manang Saling akuti abwana akakuitana okha, ejenti wopezera anthu ntchito sadyapo kanthu, ndipo mwayi wotero sabwera nawo kawiri."

"Manang Saling ndi mayi ako?"

"Si mayi anga, koma sananame. Mwaona nokha mmene akukhalira anthu kuno."

"Waona chiyani iwe? Waona Lamulungu limodzi."

"Ndaona zimene mwandionetsa," anatero.

Ndipo zinali zoona. Zaka zonsezi m'makalata ndimalemba kuti ndili bwino. Wabwera, ndamukweza boti lapamwamba, ndamukweza phiri, ndatseka pakamwa anzanga. Ndagwira ntchito yonseyi ndekha, ndi ndalama zanga, yomunyengerera mwana wanga kuti akhale wantchito wa m'nyumba. Zandipweteka, Bambo a Jovelyn, ndipo palibe woti ndimuloze chala.

Ndinamuuza kuti msinkhu wake sunakwane. Akuti zaka amawonjezera papepala, atsikana a kwa Manang Saling amuphunzitsa kale. Ndinamuuza kuti fizi ili kubanki. Akuti ndalamazo ndikagulire mankhwala a bondo.

Tinatsika osafika kumwamba. Pansi pamakhala amonke, amagulitsa chakudya chopanda nyama. Tinadya, sichinali choipa, koma mchere anaumira. Pobwerera m'boti anagona paphewa panga ngati palibe chimene wanena.

Musawauze kanthu azakhali ake. Ndikudziwa chochita.

Teofila

Hong Kong, 1 Januwale 1996

Bambo a Jovelyn,

Chaka chabwino. Tili moyo tonse awiri.

Pulani inali yopita kupaki ya nsomba zikuluzikulu, kuja amakwera timabokosi tolendewera pachingwe. Ndinasintha. Ndinamuuza Jovelyn kuti pali malo amodzi amene sanaone. Mlonda wa masiku onse, amene maso ake ndi a adona, ali patchuthi. Wogwirizira wake ndinamupatsa malalanje, anayang'ana kumbali, ife n'kulowa m'chikepe.

Nyumba ya abwana anaikonda. Anagwira makatani, anaima pawindo kuyang'ana doko, galu anamunyambita. Kenaka anafunsa chipinda changa.

Inunso simukudziwa, ndiye ndikuuzeni kamodzi. Kuseri kwa khitchini kuli kakhonde kotsekedwa ndi magalasi, komwe kuli makina ochapira. Pamwamba pa makinawo anakhomapo thabwa, pathabwapo pali matiresi. Ndimakwera ndi makwerero. Zovala za abwana zimayanikidwa pamwamba panga, ndiye masiku a mvula ndimagona zikundidonthera. Thabwalo ndi lalifupi, miyendo sinditambasula. Bondo lija gwero lake ndi limeneli, si ukalamba monga ndinkakuuzirani.

Ndinamuonetsa zonse, ngakhale chitini chimene ndimasungamo zovala zanga. Ndinamuuza nthawi imene ndimadzuka ndi imene ndimagona. Ndinamuuza za mavuto amene Luz anaona pantchito. Ndinalankhula ngati amene amaonetsa alendo malo, mosakweza mawu, ndipo ndinkadikira kuti alire kapena athawe.

Anavula nsapato, anakwera makwerero, anagona chagada pamatiresi anga. Anatambasula miyendo mpaka mapazi anagunda khoma.

"Amayi, ine ndikukwana. Ndine wamfupi kuposa inu."

"Tsika pamenepo."

"Zaka zonsezi mumagona pano?"

"Ayi. Kale ndinkagona pansi m'chipinda cha ana. Pano ndi pabwino, ndi pandekha. Tsika."

Anatsika, koma sanalire. Anati: "Nsapato zanga, mabuku anga, tikiti ya ndege, zonse zachokera pathabwa ili. Ndadya mokwanira. Bambo akutsokomola, inu mukutsimphina, ndipo malipiro a mphunzitsi mwawamva nokha. Ndalama za kubanki zikatha mudzadya chiyani? Mwagona pano mokwanira, tsopano ndi nthawi yanga."

Ndinamuuza kuti sindinagone pamenepo kuti ndimusungire malo. Anangoyankha kuti, "Ndamva, amayi," monga amayankhira inu mukamuletsa chinthu chimene watsimikiza kale. Kenaka anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta sitovu, yomwe inali yoyera kale. Potuluka ndinamuona akuyang'ana nambala yolembedwa pa telefoni ya m'chipinda chochezera, akuiloweza chapansipansi.

Ndinkayesa kuti achita mantha. Wachita manyazi m'malo mwake, ndipo zaipiraipira.

Madzulo tinayenda kumsika wa m'misewu ku Kowloon, poti ndinalonjeza. Wakugulirani wotchi. Wogulitsa analumbira kuti ndi yeniyeni, ndiye musaiike m'madzi. Anyamuka Lachitatu.

Teofila

Hong Kong, 14 Januwale 1996

Bambo a Jovelyn,

Moni. Ndamva kwa Perla, amene anaimba foni kwawo, kuti Jovelyn anafika bwino. Ine ndili bwino.

Adona anabwerako ndi chimfine. Lachinayi anandiitana pakhomo la khitchini, akuti mwana wanga anaimba foni kuchokera ku Laoag, waulemu kwambiri, wanena kuti ndi wokonzeka. Akuti ndibweretse mapepala ake kuti ayambe kuyendetsa msanga, Marichi ali pafupi.

Ndinawauza kuti palibe chifukwa, ndasintha maganizo, ndikhala.

"Nanga bondo?" anafunsa.

"Lapola."

Anakondwa. Akuti munthu wakale ndi wabwino, amadziwa kale mmene abwana amafunira mpunga wawo. Lachisanu ndasaina. Ndi zaka ziwiri.

Musandilembere kuti panali njira ina, ndaziyesa zonse m'mutu. Ndikachoka pano, malo akhala opanda munthu, adona amuitana, ndipo inu simungamuletse, simunakwanitsepo kumuletsa kanthu chibadwire. Ndikakhala, alibe kolowera. Kwa ejenti sangapite chifukwa alibe ndalama zake. Akakupemphani kuti mugulitse njati kapena mupinyolitse munda, mukane. Akalira, mutuluke panja mukaone fodya. Pasipoti yake muisunge inu, osati pansi pa matiresi, amadziwapo. Pofika nthawi imene kontirakiti iyi idzathe adzakhala ali ndi kalasi yake, ndipo ana akadzamuzolowera sadzachoka.

Mumuuze ndinu, ndipo mumuuze zoona, kuti ndatsekereza dala. Akakwiya musiyeni akwiye, bola akakwiyire m'kalasi.

Tchuthi chimene amapereka pakati pa makontirakiti ndapempha kuti ndidzatenge chaka chamawa, pa mwambo womaliza maphunziro ake. Ndikabwera tsopano, tidzangokangana.

Zithunzi zatuluka, ndaika zinayi mu envelopu. Cha paphiri sichikuoneka kanthu, nkhungu yokhayokha ndi mitu yathu iwiri. Cha pagalimoto ya eni ake chija musapachike pakhoma, anthu angayese kuti ndi yathu n'kuyamba kubwera kudzapempha.

Kwa inu sindikudziwa cholemba. Ndinalonjeza Marichi, ndipo polonjezapo ndinkanena zoona.

Teofila

Hong Kong, 24 Marichi 1996

Okondedwa Bambo a Jovelyn,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chachepa. Ine ndili bwino. Kuno chinyezi chayamba, makoma akutuluka thukuta, zovala sizikuuma.

Mwati Jovelyn wakhoza mayeso ndipo walembetsa kale za Juni. Zili bwino. Fizi mukalipire nokha ku ofesi, musamupatse m'manja. Mwatinso makalata anga awiri sanatsegule, ndipo pakhomo sakunditchula. Musamukakamize. Kwa ine sanalembe, koma analembera khadi Manang Saling, ndinaliona. Zilembo zake zakongola, ana azidzawerenga bwino pabolodi.

Ndi Manang Saling tinakhala Malamulungu atatu osalankhulana, aliyense pakatoni yake. Sabata yatha anabwera ndi mafuta opaka pabondo, n'kuwaponya pamiyendo panga, amvekere, "Paka, nkhalamba yamakani iwe." Ndapaka. Akununkha, koma akuthandiza.

Mtengo wa fodya umene mwatchulawo ndi wachipongwe. Dikirani pang'ono, ogula abwera ena. Denga la khitchini likonzedwe mvula isanayambe, ndipo muitane Celso, osati mlamu wanu.

Chomaliza. Mwalemba kuti pa 10 Marichi munavala malaya oyera, munapita pa siteji, ndipo munakhala pamenepo mpaka basi yomaliza ya ku Manila inatsitsa anthu. Mwati munkadziwa kuti sindilimo, munangofuna kuona. Musadzachitenso zimenezo, Fulgencio. Anthu adzakusekani, ndipo ine ndinawerenga kalatayo nditaimirira m'khitchini, adona ali pomwepo akudikira tiyi.

Ndine mkazi wanu,
Teofila